MSEU WA M'KOMBONI SI KHOLA LA MAGALIMOTO

Anthu okhala m'makomboni akale a mu Lusaka, monga Kabwata, Chilenje ndi Matero, ali ndi dandaulo limene likukula caka ndi caka. Ena akuti magalimoto a anzao amagona pa mseu usiku wonse natseka zipata, kotero kuti ambulansi ingalephere kufika pakhomo pa wodwala. Eni magalimotowo akuti kuwaletsa kuimika pa mseu ndiko kuwalanga pa mlandu umene sanapalamule, popeza pabwalo pa nyumba zao palibe malo. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mau omveka, ndipo khonsolo iyenera kuzimva isanatumize anyamata ake ndi zitsulo zomangira mawilo.

Gwero la bvutoli ndi lakale. Pamene likulu la dziko linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, atsamunda anapatsa azungu mapoloti akulu-akulu ku Ridgeway, koma anchito acikuda anawamangira tinyumba tothithikana. Wofuna umboni apite ku Kabwata Cultural Village pa mseu wa Burma, akaone tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu timene tinasungidwa kucokera m'masiku amenewo. Womanga tinyumba totere sanaganizeko kuti wokhalamo adzagula galimoto, pakuti ngakhale njinga inali cuma. Pa kalembera wa 1969 mzindawu unali ndi anthu pafupi-fupi 262,000. Pa kalembera wa 2022 anali atapitirira 2 miliyoni. Miseu ya m'makomboni ndiyo inakhala monga momwe inaliri.

Kampani ya boma ya mabasi ya UBZ itatha mu 1995, nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa maminibasi a anthu wamba, ndipo magalimoto ogwirako kale nchito ocokera ku Japan analowa mwaunyinji. Minibasi nayonso imafuna pogona. M'zaka zomwezo eni nyumba ambiri anamanga zipinda za lendi kuseri ndi tumashopu kutsogolo, motero pamene pakadaima galimoto pali khoma. Amene ali ndi ndalama amakasiya galimoto pa positi ya apolisi kapena pomwetsera mafuta, nalipira usiku uliwonse. Otsalawo amasiya pa mseu.

Tsono ku Japan komweko, kumene magalimotowa amacokera, nkhaniyi anaikonza kale. Lamulo lao la 1962 limati munthu wa m'tauni asanalembetse galimoto ayenera kutenga cikalata kwa apolisi cotsimikiza kuti ali ndi malo oisungirapo, osapitirira makilomita 2 kucokera kunyumba kwake. Kusiya galimoto pa mseu maola 8 kapena kuposerapo usiku ndi mlandu. Magalimoto ao anaoloka nyanja kufika ku Kabwata, koma lamulolo linatsalira kwao.

Pamenepa pafunika kusamala. Lamulo lotere litaikidwa mawa mu Lusaka, olembetsa magalimoto angakhale a ku Kabulonga okha, amene ali ndi mipanda yaikulu, pamene mphunzitsi wa ku Chilenje angauzidwe kuti agulitse yake. Kumeneko kungakhale kumlanga kaciwiri cifukwa ca poloti imene atsamunda anapimira agogo ake. Cimene Lusaka angatengeko ku Japan ndi mfundo yakuti mseu ndi wa onse ndipo suyenera kusanduka khola la munthu mmodzi. Koma malo ayenera kuyamba, lamulo litsatire pambuyo.

Nchito ya khonsolo, tsono, ndi kupatula mabwalo amene atsala m'wodi iliyonse asanagulitsidwe, kuikapo alonda, ndi kulengeza mtengo umodzi wa usiku wodziwika kwa onse, ndi lisiti lake. Ndalama yolipira popanda lisiti aliyense adziwa kumene imapita. Makomiti a citukuko a m'mawodi, amene lamulo la maboma ang'ono la 2019 limawazindikira, ndiwo oyenera kuitana anthu kuti agwirizane mbali ya mseu imene galimoto ingaime masana ndi imene iyenera kukhala yotseguka. Zikwangwani ziikidwe poonekera. Kumanga wilo pamalo popanda cikwangwani ndi kuchera msampha.

Lamulolo lisiyanitsenso pakati pa mlendo ndi wokhazikika. Pakagwa maliro m'komboni, anthu amakhoma tenti, ndipo magalimoto a abale amadzaza mseu masiku awiri kapena atatu. Zimenezi anansi amazipirira, pakuti mawa maliro adzagwa kwao. Cimene sangapirire ndi lole yakufa imene yakhala pa miyala miyezi isanu ndi umodzi, kapena makanika amene wasandutsa mseu kukhala galaji, mafuta akuda ndi kuyenderera m'ngalande.

Owerenga a kumidzi asayese kuti iyi ndi nkhani ya a m'tauni okha. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Nyimba akanyamula mbatata kapena nshawa kupita nazo ku msika wa Soweto, amafika usiku nagona kwa mbale wake m'komboni. Ngati palibe bwalo lodziwika losiyapo lole, adzaimika pa mseu mosadziwa, ndipo faindi ya m'mawa idzadya phindu la ulendo wonse.

Ndiponso cimene cinacitika ku Kabwata cingacitike ku Chipata, kumene kunakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ngakhalenso pa boma la Katete ndi la Lundazi, kumene mapoloti atsopano akupimidwa. Makhansala ndi mafumu a kumeneko akali ndi mwai umene Lusaka anautaya: kusiya miseu yotakata ndi bwalo limodzi m'dera lililonse, nyumba zisanamangidwe. Mkhansala akabwera kudzacititsa msonkhano wa mapoloti, anthu amfunse kuti awaonetse pa mapu pamene lole ya cimanga idzagona.