Tisanyoze Mabuku a Zithunzi

Pali makolo ena amene amati buku la zithunzi n'choseweretsa chabe. Ine ndikukana kwamtuwagalu, pakuti mwezi wathunthu ndakhala ndikuwerengera adzukulu anga mabuku otere madzulo alionse.

The Very Hungry Caterpillar, la Eric Carle, la mu 1969, likunena za mbozi yosusuka imene inasanduka gulugufe. Mwana wa zaka 4 waphunziramo masiku a sabata popanda mkwapulo. Mu Handa's Surprise, la Eileen Browne, la mu 1994, mtsikana wa ku Kenya wasenza zipatso 7 ndipo nyama zikumubera m'dengu iye osadziwa. Mawu sakutchula mbalazo, ana amazigwira okha pazithunzi. Koma lopambana ndi Galimoto, la Karen Lynn Williams, la mu 1990. Kondi, mnyamata wa kuno ku Malawi, akufunafuna mawaya opangira galimoto. Adzukulu anakuwa, "Agogo, uyutu ndi mnzathu!"

Chondiwawa n'chakuti onsewa ndinachita kuwamasulira kuchokera m'Chingerezi. Kodi nkhani ya Kondi mpaka itilembere mlendo wa ku America? Inu ophunzira odziwa kulemba ndi kujambula, mukudikira yani? M'mera mpoyamba. Mwana wosamva chinenero chake m'buku adzakula akuyesa kuti kuwerenga n'kwa eni ake.