Mlendo wa ku Dzaleka ndi chikumbumtima chathu



Ndinatumikira m'boma zaka zoposa 30, ndipo ndikudziwa kulemera kwa mawu akuti "chitetezo cha dziko". Akangotchulidwa pamsonkhano, aliyense amatseka pakamwa. Lero ndikupempha kuti tiwayeze pa muyeso wa Mawu a Mulungu.

Mu Meyi 2023, apolisi anagwira anthu othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda mumzinda wa Lilongwe. Mazanamazana a iwo, amayi ndi ana omwe, anayamba atsekeredwa kundende ya Maula asanapititsidwe kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu osapitirira 12,000, koma panthawiyo unali kale ndi anthu pafupifupi 50,000. Ambiri a ife, ngakhale oimba m'makwaya, tinaomba m'manja n'kumati Maburundi anatilanda misika.

Boma linali ndi poimira. Pamene dziko lathu linkalowa m'pangano la United Nations la 1951 loteteza othawa kwawo, linakana ndime zina, kuphatikizapo zokhudza ufulu wokhala paliponse ndi wolembedwa ntchito. Aroma 13 nayenso amavomereza kuti wolamulira sagwira lupanga pachabe. Ngati pakati pa alendowa pali wozembetsa anthu kapena wosunga zida, agwidwe ndipo akaonekere kubwalo la milandu.

Koma lupangalo ndi la wochita choipa. Kodi mwana amene anagona pasimenti ku Maula analakwira ndani? Timakonda kunena kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Umenewo ndi mwambi wa pamsika wa nsomba, sungaweruze mlandu wa munthu. Ezekieli 18 amaphunzitsa kuti aliyense adzasenza tchimo lake, ndipo malamulo a dziko lonse oteteza ufulu wa anthu amafunanso zomwezo: munthu amangidwe pa mlandu wake, osati pa mtundu wake.

Ife achikulire tikukumbukira chimene Dzaleka anali. Inali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo dzina lake lomwe ndi kulira kwa wolangidwa: "Ndidzaleka." Boma litaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ambiri a iwo anatsekeredwa kumeneko, ena anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ziphunzitso zawo sindigwirizana nazo, koma ndikuvomereza ndi manyazi kuti ambiri a ife tinakhala chete, poti tinauzidwa kuti ndi nkhani ya chitetezo. Amalawi nafenso tinakhalapo othawa kwawo.

Tinakhalaponso olandira alendo. Nkhondo itavuta ku Mozambique, dziko losaukali linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ndipo midzi ya ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu inagawana nawo minda ndi zitsime. Mtima umenewo unapita kuti? Levitiko 19 amatilamula kukonda mlendo monga tidzikondera tokha, ndipo Mateyu 2 amationetsa Mpulumutsi wathu ali khanda lothawira ku Igupto.

Tsono pempho langa nali. Aphungu athu aunikenso lamulo la othawa kwawo la 1989, kuti mlendo wosalakwa athe kudya thukuta lake. Mipingo yathu ipite ku Dzaleka ndi ufa, sopo ndi makutu omva. Ndipo wina akadzatchulanso chitetezo, tidzamufunse modekha kuti: wolakwayo ndani, ndipo umboni uli kuti? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambuye atichitire chifundo. Amen.