Njinga si mlendo pa boma la Lundazi

Mu Malichi 2022 boma la Burundi linalamula kuti njinga zakapalasa, njinga zamoto zonyamula anthu ndi ma tuk-tuk zisalowenso m'madera ambiri a mzinda wa Bujumbura. Linati likufuna kuchepetsa ngozi. Chimene chinachepa msanga ndi chakudya cha mabanja a anyamata opalasa, ndipo anthu ogwira ntchito anayamba kuyenda wapansi mitunda italiitali chifukwa mabasi sanakwane. Ku Kolkata m'dziko la India apolisi anatseka misewu 174 mu 2013 kuti njinga isadutsemo, ndipo ogulitsa mkaka, operekera nyuzipepala ndi anthu wamba anatuluka mumsewu kukakana lamulolo. Kufupi kuno, a kabaza (onyamula anthu pa njinga) a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu akhala akuthamangitsana ndi makhonsolo awo pa nkhani yomweyi, njinga kulandidwa, kuwomboledwa ndi faindi, kenako kulandidwanso.

Chaona mnzako chapita. Tauni ikangoyamba kukula, magalimoto n'kuchuluka, pamapezeka wina wa tayi wonena kuti njinga zikudetsa tauni, zikutseka msewu, zichoke. Mawu oterewa mumawamva kale m'kamwa mwa madalaivala akamaliza hutala kumbuyo kwa mdala wonyamula matumba a makala. Ndikulemba lero kuti dandaulo la pawindo la galimotoli lisadzasanduke lamulo la khonsolo kuno ku Lundazi.

Imani m'mawa pa msewu uliwonse wolowa pa boma, muone chimene chikudutsa. Thumba la chimanga kuchokera kwa Mwase likupita kuchigayo. Mtedza ndi mpendadzuwa kuchokera kwa Kapichila zikupita kwa ogula. Mbuzi yomangidwa miyendo pa kaliyala, nkhuku m'dengu, mitolo ya repu ndi tomato wa kudimba kuchokera kwa Mphamba. Mayi wodwala wakhala chammbali, wagwira mwamuna wake m'chiuno, akuthamangira mzere wa kuchipatala. Mwana wa sekondale amene kwawo n'kutali. Zonsezi zili pa matayala awiri. Ngakhale boma lino linagawidwa mu 2018, Lumezi ndi Chasefu n'kuima paokha, anthu akumeneko sanaleke kubwera kuno kudzagula ndi kugulitsa, ndipo ambiri mwa iwo amafika atapalasa. Mukati njinga ithere kunja kwa tauni, mukunena kuti mlimi asenze pamutu thumba la makilogalamu 50 kuchokera pamene mwaika chikwangwani chanucho mpaka kumsika, kapena alipire galimoto ndalama imene akanagulira mchere ndi sopo. Petulo anapitirira K30 pa lita mu 2024. Ndani adzamulipirire?

Chigawo cha Kum'mawa sichinayambe dzulo kukwera njinga. Nthawi ya a Kaunda fakitale ya Luangwa Industries inaikidwa ku Chipata, ndipo njinga za Eagle zinkatuluka mmenemo. Akuluakulu amakumbukira kuti mlimi akagulitsa thonje kapena fodya, chinthu choyamba kuganizira chinali njinga, wailesi pambuyo. Lero pali za Buffalo, zolimba ponyamula katundu, zimene bungwe la World Bicycle Relief linafalitsa m'Zambia muno popatsa ana a sukulu ndi othandiza odwala m'midzi. Choncho pa msewu wa Lundazi wobwera mochedwa ndi galimoto. N'zodabwitsa kuti iyeyo ndiye afunse mnzake chiphaso.

Tisanamizane, opalasa njinga ali ndi milandu yawo. Ambiri amayenda usiku opanda nyale, opanda ngakhale kagalasi kowala kumbuyo, atavala malaya akuda. Ena amamanga makala kapena malata mopingasa mpaka katundu kutenga theka la msewu. Mabuleki ndi chidendene cha patapata. Wina amakhota osatambasula mkono, wina amatuluka kumowa n'kumayenda mokhotakhota pakati pa tala. Dalaivala amene anatsala pang'ono kupha munthu chifukwa cha zoterezi ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo sindimunyoza.

Koma pa milandu yonseyi palibe umene mankhwala ake ndi kuthamangitsa njinga. Wopanda nyale agule nyale. Wopanda mabuleki akonzetse, amakanika a njinga ali pansi pa mtengo uliwonse. Woledzera amangidwe monga amamangidwira woledzera wa galimoto. Nanga minibasi zikamadzaza anthu mopitirira muyeso, alipo amene amati minibasi zonse zichoke m'tauni? Amagwira wolakwayo, ena n'kumapitiriza ulendo. Chilango cha gulu lonse chimasungidwira anthu amene alibe loya, alibe bungwe lamphamvu, ndipo sakhala nawo pa misonkhano imene malamulo amapangidwira. Amene amakhala pa misonkhanoyo amafika pa galimoto, ndiye msewu amauonera pa galasi lakutsogolo.

Funso limene sakonda kufunsa ndi lakuti chimapha n'chiyani. Njinga ikagunda munthu woyenda pansi, kawirikawiri zimathera pa zilonda ndi kutukwanizana. Lole ikagunda wa njinga, kumakhala maliro. Chimapha ndi liwiro ndi kulemera kwa galimoto, pa msewu wopapatiza umene m'mphepete mwake munakumbika, moti wa njinga alibe kothawira. Aliyense amene wayendapo pa msewu wa Chipata ndi Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, amadziwa mmene galimoto imasiyira mbali yake pozemba maenje n'kukapezeka kumene kuli wa njinga. Onjezanipo njinga zamoto zimene zachuluka zaka zino, zina zoyendetsedwa ndi anyamata amene sanaphunzirepo malamulo a pamsewu. Kuchotsa njinga yakapalasa n'kusiya zonsezi ndi kulanga wogundidwa.

Komanso boma lenilenilo linanena kale mbali imene lili. Mu 2019 unduna woona za mtengatenga unatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yolimbikitsa kuyenda pansi ndi kupalasa njinga, yofuna kuti misewu ya m'matauni izikhala ndi malo a anthu amenewa. Khonsolo yoletsa njinga ingakhale ikutsutsana ndi pepala la boma lake lomwe. Ndipo nyimbo yakuti ndalama palibe inatha mphamvu kuyambira pamene thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse mu 2022.

Ndiye makhansala athu, ngati kuthithikana kwa pa msika ndi pa siteshoni kukukusowetsani tulo, yambirani pa zotheka. Konzani m'mphepete mwa misewu yolowa m'tauni kuti wa njinga akhale ndi kanjira kake. Ikani zitunda zochepetsa liwiro pafupi ndi sukulu, msika ndi chipatala. Patulani malo oimikapo njinga kuti zisamatsamire pakhomo la sitolo iliyonse. Itanani a RTSA, oona za chitetezo cha pamsewu, adzaphunzitse anyamata onyamula anthu, ndipo muwalembe m'kaundula pa mtengo umene angakwanitse. Tsiku lokambirana zimenezi, onyamula makala, a kabaza ndi amayi a kumadimba akhale nawo m'chipindamo, apatsidwe mpando, ndipo alankhule m'Chitumbuka kapena m'Chichewa popanda wowadula mawu.