Kodi lilime lathu limasokoneza Chingerezi?

Namwino amene waphunzira kuno kwathu akafuna ntchito ku Britain, kawirikawiri amayenera kulemba mayeso ngati IELTS, ndipo pa gawo la kuyankhula amafunika kupeza 7. Ambiri amaopa kuti Chingerezi chawo chimveka cha Chimalawi, ndiye amayesetsa kukhotetsa lilime kuti amveke ngati a ku London.

Mantha amenewa ali ndi maziko. M'Chichewa r ndi l sasiyanitsa tanthauzo, kotero "right" ndi "light" zimatuluka mofanana. Mavawelo athu ndi asanu, pamene a Chingerezi amaposa khumi. Ndipo namwino akatchula "fifteen" mnzake n'kumva "fifty", pa mlingo wa mankhwala, ndi moyo wa wodwala umene uli pachiswe. Amene amati katchulidwe n'kosafunika sanaimepo pambali pa bedi la wodwala.

Komabe katchulidwe kachilendo si kusamveka. Mu 1995 ofufuza Murray Munro ndi Tracey Derwing, ku Canada, anapempha anthu kuti amvetsere Chingerezi cha olankhula Chimandarini. Omvera ankatha kunena kuti kayankhulidweko n'kachilendo zedi, koma n'kulemba molondola mawu amene anenedwa. Wofufuza wina, Jennifer Jenkins, mu 2000, anaona kuti "th" amene aphunzitsi amavutika naye sasokoneza uthenga kwenikweni. Chimene chimasokoneza ndi makonsonanti ambiri, kutalika kwa vawelo, ndi mawu amene wolankhula wawatsindika m'chiganizo.

Mbali ina imene timaiwala ndi ya womvera. Mu 1992 wofufuza Donald Rubin anapempha ophunzira a ku America kuti amvetsere mawu a mphunzitsi wobadwira komweko. Amene anaonetsedwa chithunzi cha nkhope ya ku Asia anamva zochepa poyerekeza ndi anzawo, mawu ali omwewo. Khutu limene lakana kale, ngakhale utchule bwanji, silingamve. Ichi chimandipweteka, chifukwa mlandu wonse timausenzetsa wolankhula.

Ine ndikuona kuti oyendetsa ndege anaigwira bwino nkhaniyi. Bungwe loona za ndege la ICAO limalola katchulidwe ka kwanu malinga ngati ukumveka, ndipo woyendetsa amabwereza malangizo ofunika amene wauzidwa kuti cholakwika chigwidwe msanga. Koma m'sukulu zathu mwana akasinthanitsa r ndi l anzake amamuseka mpaka amasiya kukweza dzanja. Nthawi imeneyo bwenzi mphunzitsi akuwazolowetsa kutchula manambala momveka, kutsindika mawu ofunika, ndi kufunsa mopanda manyazi pamene sanamve.