Agogo obwera ndi mdzukulu ku sikelo nawonso ayezedwe mawere

Tsiku la sikelo pa chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, pamzere sipakhala amayi achitsikana okhaokha. Pamakhalanso agogo obereka mdzukulu, poti make ali kumunda kapena watsikira m'tauni kukasaka ganyu. Mwana amayezedwa, amabayidwa katemera, kabuku kake kamalembedwa. Agogo aja amamanga mwana kumbuyo n'kubwerera kumudzi popanda wowafunsa za thupi lawo.

Mayi wakumudzi amaonana ndi anamwino kawirikawiri pa zaka zake zobereka: sikelo ya pakati, kuchira, kulera, sikelo ya mwana. Akasiya kusamba, njira yakuchipatala imamera udzu. Komatu msinkhu umenewu ndi womwe khansa ya m'mawere imakonda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti pafupifupi theka la amayi opezeka ndi nthendayi alibe china chowaika pachiopsezo kupatula kukhala mkazi ndi kupyola zaka 40. M'chaka cha 2022 chokha, amayi 2.3 miliyoni anapezeka nayo padziko lapansi, ndipo anthu pafupifupi 670,000 anamwalira nayo.

Chomwe chimanyenga ambiri n'chakuti chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka chikamayamba. Kumudzi kukula kwa matenda kumayezedwa ndi ululu. Mayi yemwe akutha kulima mtedza, kusoka fodya ndi kusenza ndowa yamadzi sadziona ngati wodwala, ndipo akakhudza kanthu kolimba m'bere posamba amangoti katha kokha. Zizindikiro zina zimabwera mwakachetechete chomwecho: nsonga ya bere kulowa m'kati, khungu kuchita timaenje ngati khungu la lalanje, magazi kapena madzi kutuluka kubere la mayi yemwe anasiya kalekale kuyamwitsa, mwanabere wosatha m'khwapa. Miyezi imapita. Ena amayamba apita kukatemera mphini, ena kukapemphereredwa, ndipo pofika kuchipatala bere lili chilonda chonunkha. Mayi wotere akamwalira, mudzi umati adotolo anamupha pomudula bere, ndipo mayi wotsatira amabisa chotupa chake kuposa woyamba uja.

Palinso manyazi, ndipo asapeputsidwe. Si chapafupi kuti mayi wa zaka 60, yemwe mwina ndi namkungwi wolemekezeka m'mudzi, avule pamaso pa mnyamata wovala gauni yoyera wamsinkhu wa mwana wake womaliza.

Yankho la vuto limeneli linayesedwa kale mu Lilongwe momwemuno. Ofufuza a bungwe la UNC Project anaphunzitsa amayi anayi wamba, omwe sanali anamwino, kuyeza mawere ndi manja. M'chaka cha 2015, amayiwa ankalankhula ndi anzawo omwe abwera kuzipatala za mumzindawu pa zifukwa zina, n'kuwapempha kuti ayezedwe. Amayi 1,000 anavomera, ndipo pafupifupi asanu ndi awiri mwa 100 aliwonse anapezeka ndi china chofunika kuti adotolo achionenso. Sipanafunike makina ojambulira mawere, omwe m'dziko muno ndi owerengeka ndipo ali m'mizinda. Panafunika chipinda chotseka, manja ophunzitsidwa ndi mkazi mnzawo wolankhula mwaulemu.

Zomwezi zingatheke ku Mitundu ndi ku Nathenje. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse m'dera lawo. Amayi achikulire amabwera kale kudzatenga mankhwala a BP ndi shuga, amasonkhana ku mvano ndi kumabanki a m'khonde. Namwino yemwe akuyeza khansa ya khomo la chiberekero, yomwe mwa khansa zonse ndiyo ikupha amayi ambiri m'Malawi, angathe kuyezanso mawere pa ulendo womwewo. Chikusowa n'chakuti kuyezaku kukhale chizolowezi cha chipatala chaka chonse, osadikira mwezi wa Okutobala pamene anthu amavala malaya apinki n'kuyenda ndawala m'misewu ya m'tauni. Ntchito ya Okutobala ili ndi phindu lake, ndipo malemu Blandina Khondowe, yemwe anakhalapo Miss Malawi n'kuyambitsa Think Pink Malawi, anachita zazikulu potulutsa nthendayi poyera asanamwalire nayo mu 2020. Koma uthenga umenewo uyenera kufika kwa mayi yemwe alibe wayilesi ya kanema ndipo Facebook sanaionepo.

Kupeza chotupa ndi poyambira chabe. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma palibe angadziwe pongogwira. Pamafunika kutapa kanyama kakang'ono pachotupapo n'kukakayeza, ndipo kwa anthu a kumwera kwa Lilongwe zimenezi zikutanthauza ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital, komwe labotale yoyezera zotere inatsegulidwa mu 2011 komanso komwe kuli chipatala cha khansa cha National Cancer Centre. WHO, mu ndondomeko yomwe inakhazikitsa mu 2021, ikufuna kuti mayi adziwe zotsatira pasanathe masiku 60 chionekereni kuchipatala, komanso kuti amayi 60 mwa 100 aliwonse opezeka ndi khansayi apezeke idakali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, pamene opareshoni ndi mankhwala zimachiritsa ambiri.

Masiku 60 amenewa amathera panjira. Ku Central sapitako kamodzi: pali tsiku loonana ndi dotolo, lotapa kanyama, lomva zotsatira, kenako maulendo olandira mankhwala kwa miyezi. Ulendo uliwonse umafuna kabaza wokafika pamsewu, minibasi ya pamsewu wa Bunda kapena wa M1, ndi wowaperekeza. Mayi wachikulire sakhala ndi ndalama yakeyake, ndipo safuna kuvutitsa ana. Kalata yowatumiza ku Central imapindidwa m'kabuku kakuchipatala n'kusungidwa m'sutikesi mpaka fodya atagulitsidwa.

Apa mpomwe ana awo, a ku Kawale, ku Area 23 ngakhale a ku Joni, ayenera kulowererapo. Mwana wamkazi kapena mpongozi angafunse mayi ake poyera ngati anakhudzapo chachilendo m'bere, ndipo akamva kuti chilipo, ndalama yoyendera itumizidwe sabata yomweyo. Chipatala chotumiza nacho chisunge dzina la mayiyo ndi la mudzi wake, kuti mlangizi wa zaumoyo akafunse ngati anafikadi ku Central ndiponso tsiku lomwe anauzidwa kuti abwerereko.