Osyasyalika akutseka makutu a atsogoleri athu

Wandale akafika pabwalo la Masintha ku Kawale, msonkhano suyamba ndi nkhani ya madzi kapena ngalande zotsekeka. Umayamba ndi mkulu wa chipani m'deralo, maikolofoni m'manja, kuuza bwana kuti kuno kulibe wina koma iwo, anthu onse ali pambuyo pawo nganganga. Amayi ovala nsalu ya nkhope ya bwanayo amaimba nthungululu, anyamata odzola penti ya chipani n'kumavina m'fumbi. Ikamakwana nthawi yoti wina atchule za mzere wa zigubu pamalo otungira madzi ku Mgona, dzuwa lapendeka, bwana akukwera galimoto.

Ena amati umenewu ndi ulemu wa Chimalawi. Ine ndikukana. Mkamwini akamavula chipewa pamaso pa apongozi sayembekezera envelopu. Wosyasyalika amaiyembekezera. Akugulitsa mawu okoma, ndipo malipiro ake ndi ndalama ya thiransipoti, malo pamsika, kapena dzina pamndandanda wa olandira ngongole. Paja atidyenawo sasowa nyimbo.

Matendawa ndi akale. Kamuzu Banda adatchedwa Ngwazi, Mkango, Nkhoswe Nambala Wani, ndipo mu 1971 adakhala Pulezidenti Wamuyaya. Mbumba idamuvinira zaka zambirimbiri. Koma pa 14 Juni 1993, anthu atapatsidwa mpata wosankha mobisa, pafupifupi awiri mwa atatu alionse adavotera nyali, kukana ulamuliro wa chipani chimodzi. Inde, kuno kuchigawo chapakati ambiri adakhalabe ndi tambala wakuda, koma dziko lidayankhula zomwe oimba nyimbo zotamanda sadamuuzepo nkhalambayo.

Bingu wa Mutharika naye adapatsidwa dzina la Ngwazi, Joseph Nkasa n'kumuimbira "Mose wa Lero". Mafuta atasowa, anthu 20 ataphedwa pazionetsero za Julaye 2011, omuzungulira adapitiriza kuomba m'manja. Adamwalira pa 5 Epulo 2012, ndipo pasanathe milungu ingati aphungu ambiri omwe ankalumbira kuti adzafera chipani chake cha DPP anali atavala kale makaka a PP ya Joyce Banda. Mayiwo adawalandira, ndipo pachisankho cha 2014 adathera pa nambala yachitatu. Lazarus Chakwera, yemwe adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse mu 2020, adatsikira pa 33 pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Kodi pamene galimoto zinkagona pamizere ya mafuta, shuga akusowa m'magolosale a ku Area 25, ndani mwa oyankhula pamisonkhano yake adalimba mtima kumuuza pamaso kuti zinthu zathina? Amene ali pampando lero asaganize kuti oimba awo ndi amtundu wina. Ambiri ndi omwewo, angosintha nsalu.

Komabe chala changa sichikuloza kwenikweni mayi wa ku Chinsapo amene amavina kuti apeze ya ndiwo zamadzulo. Njala siidziwa manyazi. Mlandu waukulu uli kwa wogula matamandowo, amenenso amasyasyalika ovota panthawi ya kampeni: amafika pamaliro ku Area 23 ndi bokosi ndi thumba la ufa, kudzitcha mwana wanu, kapolo wanu, kenako foni yake osapezekanso zaka zisanu. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti, koma aliyense wa ku Biwi amadziwa kuti envelopu siimayenda masana.

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma andale athu amamuyesa mdani. Mnyamata wofunsa kuti ndalama za chitukuko cha m'dera, zija za CDF, zidagwira ntchito yanji, amatchedwa wotumidwa ndi otsutsa, pamene wogubuduka pansi amapatsidwa mpando mukomiti ya chitukuko. Mapeto ake komitiyo imadzaza ndi anthu osatha kufunsa risiti, mlatho n'kukokoloka ndi mvula yoyamba.

Phungu kapena khansala amene akufunadi kumva zoona achite chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Pamsonkhano wotsatira, asanaitane gulu lovina, apereke maikolofoni kwa wakabaza, kwa mayi wogulitsa tomato ndi kwa mphunzitsi wa kalasi ya ana osefukira panja. Akhale pansi amve, ndipo aletse anyamata ake kuwakuwiza.