Mwana Akabvulala pa Masewera ku America, Alipira Ndani?

Mwezi uno tikambirane za kalata imene mabanja ena amailandira ndi nthungululu. Ndi kalata yocokera ku koleji ya ku America, yoitana mwana kuti akaphunzire kwaulere cifukwa ca liwiro lake pothamanga kapena luso lake pa mpira. Njira imeneyi si yacilendo kwa ife. Samuel Matete wa ku Chingola anaphunzira pa Blinn College ku Texas ndi pa Auburn University ku Alabama. Mu 1991 ku Tokyo anakhala katswiri wa dziko lonse pa liwiro la mamita 400 lolumpha zochinga, ndipo mu 1996 ku Atlanta anatibweretsera mendulo ya siliva. Kholo lililonse lingakondwe kuona mwana wake akutsata mapazi amenewa. Koma pali funso limene timaiwala pakati pa cimwemwe: mwanayo akathyoka mwendo kapena msana pa bwalo la koleji, ndani adzalipira ku cipatala?

Funsoli ndi lakale ku America komweko. Mu 1905 anyamata osacepera 18 anafa pa mpira wao uja wogundana ndi kugwetsana, ndipo Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitana akuluakulu a makoleji ena kuti akonze malamulo a masewerawo. M'caka cotsatira munabadwa bungwe limene kuyambira mu 1910 lichedwa NCAA, loyang'anira masewera a m'makoleji ambiri a dzikolo. Conco bungweli linayambika pofuna kuteteza miyoyo ya ana a sukulu. Nkhani ya ndalama ndiyo inadzasokoneza zinthu pambuyo pake.

Mu 1955 mnyamata wina dzina lake Ray Dennison anamenyeka m'mutu akusewerera koleji ya Fort Lewis A&M ku Colorado, namwalira. Mkazi wake wamasiye anapempha cipukuta misozi cimene banja la wanchito limalandira munthu akafera pa nchito. Mu 1957 bwalo lalikulu la milandu la Colorado linakana, linati malemuyo sanali wanchito wa kolejiyo. M'zaka zomwezo NCAA inayamba kuumirira kuti osewera onse azichedwa ophunzira osewera, osati anchito. Walter Byers, amene anatsogolera bungweli zaka zoposa 30, anaulula yekha m'buku lake la mu 1995 kuti dzinali analikonza dala kuti makoleji apewe kulipira cipukuta misozi cotere.

Mlandu wina womvetsa cisoni ndi wa Kent Waldrep wa pa Texas Christian University. Mu 1974, posewera ndi timu ya Alabama, anathyoka khosi ndipo sanayendenso moyo wake wonse. Koleji inalipira cipatala miyezi isanu ndi inai, kenaka inaleka, ndipo katundu yense anatsalira banja lake. Waldrep anamenyera mlanduwu zaka zambiri, koma mu 2000 bwalo la apilo la ku Texas linagamula kuti iyenso sanali wanchito. Anamwalira mu 2022.

Tinene zoona, zinthu zasinthako. Kuyambira mu 1992 NCAA ili ndi inshuwalansi ya obvulala koopsa, monga opuwala ndi owonongeka ubongo. Koma masiku ano inshuwalansiyo imayamba kulipira ndalama za cipatala zikapitirira madola 90,000. Zocepera pamenepo, monga za kucitidwa opaleshoni ya bondo kapena ya phewa, zimadalira inshuwalansi ina. Lamulo la mu 2005 linati koleji itsimikize kuti wosewera aliyense ali ndi inshuwalansi yokwanira mpata umenewu, koma silinaikakamize kuti iigule yokha. Makoleji olemera ankalipira zonse, pamene ena ankasiyira makolo. Pa 1 August 2024 panayamba dongosolo lina lothandiza wosewera kwa zaka ziwiri atatsiriza kusewerera koleji, mpaka madola 90,000 pa cobvulala cimodzi. Nthawi yomweyo makoleji a gulu lapamwamba la Division I analamulidwa kusamalira zobvulala za pa masewera kwa zaka ziwiri wosewera atacoka. Ndi zabwino ndithu. Komabe bondo lowonongeka pa zaka 20 limapweteka ngakhale pa zaka 50, ndipo pa nthawiyo koleji idzakhala itaiwala dzina la mwini bondolo.

Kodi ndalama zikusowa? Iyai. Mu 2016 NCAA inawonjezera pangano lake ndi makampani a wailesi yakanema a CBS ndi Turner la kuonetsa mpikisano wa basketball ya amuna, ndipo zaka zisanu ndi zitatu zowonjezerazo mtengo wake ndi madola 8.8 biliyoni. Mu June 2025 woweruza anabvomereza cigwirizano ca mlandu wa House, cimene cinalola koleji iliyonse ya Division I kugawana ndi osewera ake madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'caka coyamba. Pamene pakuyenda cuma cotere, kunena kuti wobvulala adzionere yekha ndi kupanda cilungamo.

Mpingo wathu uli ndi ciphunzitso pa zimenezi. M'kalata yao ya mu 1981 yonena za nchito ya munthu, Laborem Exercens, Apapa Yohane Paulo Waciwiri anaphunzitsa kuti munthu ndi wofunika kuposa phindu limene thukuta lake libweretsa, ndi kuti wobvulala pa nchito ayenera kupeza cithandizo ca cipatala mosabvuta. Mabwalo a milandu angatsutsane ngati wosewera ndi wanchito kapena ai. Kwa ife akhristu nkhani ndi yapafupi: amene wadyerera mphamvu za thupi la mnzake ali ndi udindo pa thupilo likawonongeka. Kumbukirani Msamariya wacifundo uja. Sanangomanga mabala a munthu wobvulazidwayo, koma anasiyira mwini nyumba ya alendo ndalama, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwerera. Iye sanapindulepo kanthu pa munthuyo. Nanga koleji imene yadzaza bwalo lake ndi oonerera cifukwa ca mwana wathu, ingacite zocepera pamenepo?

Palinso cinthu cina cokhudza ife a kuno makamaka. Anthu ambiri a m'dziko lathu anabadwa ndi mbali imodzi ya magazi a sickle cell osadziwa, popeza sadwala. Koma munthu wotere akapanikizidwa kuthamanga kopitirira muyeso, kukutentha, ali ndi ludzu, magazi ake angathe kusokonezeka mwadzidzidzi. Ndi zimene zinapha Dale Lloyd wa pa Rice University mu 2006, ndipo imfa yake inacititsa kuti kuyambira mu 2010 osewera a Division I aziyamba apimidwa magazi. Kupezeka ndi mbali imeneyi sikuletsa mwana kusewera. Cofunika ndi cakuti iye ndi omuphunzitsa adziwe, azimupatsa mpata wopuma ndi kumwa madzi. Mupimitseni asanakwere ndege.

Tsono akulu anati safunsa anadya phula. Kalata ija ikafika, musafulumire kusaina. Funsani coyamba kuti kolejiyo ili m'bungwe liti, cifukwa makoleji a zaka ziwiri monga Blinn ali m'bungwe lina lochedwa NJCAA, ndipo ena ali mu NAIA. Malamulo a NCAA sawakhudza. Funsani kuti adzagula inshuwalansi ndani, ndipo ngati pali gawo limene banja liyenera kulipira lokha, ndi ndalama zingati. Funsani ngati inshuwalansiyo imalipiranso matenda wamba, monga cibayo kapena dzino, kapena zobvulala za pa bwalo zokha. Funsani ngati bursary idzapitirira mwana akabvulala n'kulephera kusewera, popeza zina zimaperekedwa caka ndi caka. Funsaninso ngati cithandizo cingamutsate akabwerera kuno kwao. Mayankho onsewa akhale olembedwa, ndipo pezani munthu wodziwa bwino Cingelezi ca mapangano kuti akuwerengereni. Ku America cipatala ndi codula kwambiri, moti opaleshoni imodzi ingathe kumeza ng'ombe zonse za m'khola ndi munda womwe.

Ndipo inu acinyamata, imvani ici. Mukamenyeka m'mutu n'kumva cizungulire, nenani, musabise poopa kutaya malo m'timu. Mukabvulala, sungani mapepala onse a dokotala, cifukwa inshuwalansi imalipira cobvulala cimene cinalembedwa pa nthawi yake. Koposa zonse gwirani maphunziro ndi manja awiri. Masewera amatha munthu akali wamng'ono, koma digiri mudzabwera nayo kumudzi ndipo idzakudyetsani mpaka ukalamba. Thupi lanu ndi mphatso ya Mulungu, ndipo palibe mendulo yoposa moyo wanu.

Tipempherere ana athu onse amene ali kutali ndi kwao, kuti Ambuye awasunge pa bwalo ndi m'kalasi. Tidzakumananso mwezi wamawa.